Buluku la Munthu Wam'kati

A Makiyi, amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha mpukutu wa makiyi a mosungira katundu umene umalira m'chiuno mwawo, anali atangomaliza maphunziro a masiku atatu a kalamuliridwe ka maganizo, ndipo woyamba kumva kuwawa kwa maphunzirowo anali mlamu wawo, telala. Lolemba m'mawa analowa m'kashopu kake mutu uli m'mwamba, kudzayezetsa suti yoti adzavale Lachisanu, tsiku limene mwana wawo wamkazi amakalandira digiri.

Nsalu inali kale patebulo, akazi awo atadzaisiya Loweruka. Inali yotuwa, yosalala, mamita atatu ndi theka. Amene anaigula anali mwanayo, ndi ndalama zimene anapeza pophunzitsa ana a eni ake pa holide, ndipo inali yomalizira pa mpukutu wake. Ikadulidwa molakwika, panalibenso kwina kokaipeza.

"Kwezani manja, alamu," anatero telala, tepi ili m'khosi, mapini awiri ali pakamwa.

"Ndikweza chifukwa ndasankha ndekha kukweza," anayankha a Makiyi, "osati chifukwa mwandiuza inu."

"Chabwino. Sankhani msanga, masana kukubwera anthu a mayunifolomu."

A Makiyi anadikira pang'ono kuti zioneke kuti ganizolo lachokera kwa iwo, kenaka anakweza manja. Mapewa anayezedwa, mikono inayezedwa, zonse bwinobwino. Tepi itatsikira m'chiuno, anakokera mimba m'kati ndi mphamvu zawo zonse.

"Pumani, alamu."

"Ndikupuma."

"Mukupumira kuti? Maso atuzuka awa."

A Makiyi anapirira mpaka m'makutu munayamba kulira. Kenaka mimba inabwerera pamalo pake, makiyi onse n'kulira ngwerengwere.

"Fote-folo," anatero telala.

"Ndakana!" A Makiyi analiza zala pafupi ndi khutu.

"Mwakana chiyani?"

"Ganizo limenelo. Lagogoda, koma sindinatsegule."

Telala anasuzumira pakhomo, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Palibe wagogoda. Chitseko n'chotsegula chiyambire m'mawa."

"Chitseko cha m'mutu, alamu! Iii, inu mukadali kutali." A Makiyi anasolola m'thumba la malaya kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, n'kukagwira ngati chiphaso choyendetsera galimoto. "Tamverani. Lamulo loyamba: ganizo loipa likagogoda, lizani zala, nenani kuti ndakana. Lachiwiri: chimene mwanena ndi chimene mudzakhale. Lachitatu: musalole munthu wina kukuganizirani."

"Analemba ndani?"

"Aphunzitsi athu a maganizo."

"Ooh. Ndiye lachitatulo akuganizirani ndi iwowo?"

"Iwowo sawerengedwa. Lembani sate-folo."

Telala anatenga pensulo pakhutu, koma sanalembe.

"Sate-folo ya ndani?"

"Yanga."

"Alamu, sate-folo munali nayo chaka chimene mumakwatira achemwali. Buluku lake ndinasoka ndine, ndikadali wophunzira. Papita zaka twente-sikisi."

"Tepi yanuyo ili ndi maganizo obwerera m'mbuyo."

Telala anaiyang'anitsitsa tepiyo mbali zonse ziwiri. Anatsegula dilowa, anatulutsa ina yatsopano ikadali m'pepala lake, n'kuizunguliza m'chiuno mwa mlamu wake.

"Iyinso yati fote-folo."

"Ndakana! Zimagona dilowa imodzi zimenezo, zagwirizana."

"Ndikabwereke ya telala wa tsidya ilo? Iyeyo sitilankhulana."

"Musavutike. Vuto lanu n'lakuti mukuyeza chikopa. Amene mukumuona apayu ndi munthu wakale. Munthu weniweni ali m'katimu." Anadzisisita pamimba. "Iyeyo ndiye wa sate-folo."

Telala anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuiyang'ana mimbayo mwaulemu.

"Muli munthu m'menemo?"

"Wamphamvu. Wosaopa. Mtsogoleri."

"Achemwali akudziwa?"

"Musachite zachibwana, alamu."

"Ndikufunsa zantchito. Ngati mulipo awiri, fote-folo ija n'zomveka, tepi yazungulira nonse. Muuzeni atuluke kaye ndimuyeze payekha."

"Satuluka choncho ngati akutuluka m'bafa! Amatuluka pang'onopang'ono, ndi maganizo."

"Afika lisanakwane Lachisanu?"

"Afika."

"Mainchesi khumi, masiku anayi."

"Aphunzitsi anati nthawi ili m'mutu."

"Ku sukulu kwa mwanayo anati Lachisanu naini koloko. Komano ndifunse: wam'katiyo akavala sutiyi, wakunjayu adzavala chiyani? Nsalu ndi ya munthu mmodzi."

"Wakunjayu sadzakhalapo."

Telala anachotsa mapini pakamwa, nkhope itagwa.

"Pepani, alamu. Sindimadziwa. Kuchipatala akuti n'chiyani?"

"Sindikudwala ine!"

"Nanga mukupita kuti?"

"Palibe kumene ndikupita! Ndikusintha! Ndikukula!"

"Ngati mukukula, ndiye ndilembe fote-sikisi."

"Ndikukula m'maganizo! Sate-folo! Lembani!"

Telala analemba m'buku lake la miyeso, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Mlamu ameneyu chiyambire anali wotero. Kumuuza kuti adikire pakhomo, umadzamupeza pakhomo pomwepo ngakhale mvula itagwa. A Makiyi ankaona ngati chimenechi ndi chilema, koma lero anakondwa nacho, poti munthu wotere sakutsutsa. Anaima kutsogolo kwa galasi lalitali la pakona, n'kudziyang'ana chammbali, kufunafuna munthu wam'kati uja. Sanaoneke. M'malo mwake m'mutu munabwera chithunzi cha Lachisanu: mwana wawo atavala mkanjo wakuda ndi chisoti chake, iwo ataima pambali pake, buluku litakana kukwera kupitirira ntchafu.

"Matumba akumbuyo ndiike awiri?" anafunsa telala ali chowerama.

"Ndakana!" A Makiyi analiza zala, akuthamangitsa chithunzi chija.

"Opanda matumba akumbuyo," anatero telala, akulemba.

Chithunzi chinabwereranso. Tsopano batani linali litathothoka, likugubuduka kulowera kumene kwakhala akuluakulu a sukulu.

"Nanga tizingwe tolowetsamo lamba?"

"Ndakana!"

"Popanda lamba. Zipi yachitsulo kapena yapulasitiki?"

"Ndakana! Ndakana!"

Telala anadzutsa mutu.

"Zonse ziwiri?"

"Ndati ndakana!"

"Chabwino. Kungoti kumeneko kukakhala anthu ambiri." Analemba. "Ndibwereze, mumve ngati ndalemba bwino. Buluku la sate-folo, lopanda matumba, lopanda lamba, lopanda zipi."

"Lopanda chiyani?"

"Zipi. Mwakana kawiri."

"Sindimalankhula ndi inu!"

"Tilipo awiri muno." Telala anayang'ananso pamimba paja. "Kapena atatu."

"Ndimakana maganizo anga!"

"Ndiye muzinena kuti uku ndikukana alamu, uku ndikudzikana ndekha. Pensulo siimva za m'mutu."

"Bwezerani zipi."

"Mwasankha nokha, kapena chifukwa ndanena ine?"

"Ndasankha ndekha!"

"Matumba?"

"Bwezerani zonse!"

"Ndi chiuno chomwe?"

Apa a Makiyi akanatha kutsika bwinobwino popanda wowaseka, koma munthu amene wakhala masiku atatu pampando wapulasitiki, akuwomba m'manja ndi kufuula kuti ndine mkango, satsika msanga.

"Chiuno chikhale sate-folo," anatero. "Chimene ndanena ndi chimene ndidzakhale."

Telala sanatsutse. Anasuntha makina osokera, anapukuta tebulo ndi kansanza, anayala nsalu ija n'kuisalaza ndi chikhatho. Anatenga rula ndi choko, n'kuyamba kujambula. A Makiyi anaima pambali manja ali kumbuyo, ngati bwana woyendera ntchito. Koma buluku limene linkaoneka pansalupo linali lowonda zomvetsa chisoni. Mwendo wake unali ngati chikwama cha ambulera.

"Mwendo wake ndi umenewo?"

"Ndi umenewo."

"Simusiyako kansalu kena m'kati, koti munthu n'kudzamasula?"

"Ndimasiya inchesi imodzi. Inu mukufunika khumi."

"Sindikufunika kanthu ine. Ndimangofunsa."

Telala anatenga sizasi yake yaikulu, yakuda kuzigwiriro. Anaiyesa m'malere kawiri, khwe, khwe, kenaka anaikanula n'kulowetsa m'mphepete mwa nsalu, pomwe pamayambira mzere wa choko.

"Ine sindidula mpaka munene nokha," anatero. "Mukati dula, ndidula. Koma sizasi ilibe giya yobwerera m'mbuyo."

A Makiyi anaiyang'anitsitsa sizasiyo.

"Mukundiopseza?"

"Ayi, ndikungokuuzani mmene inapangidwira."

"Aphunzitsi anatichenjeza za anthu ngati inu. Anati mukayamba kukwera, oyamba kukukokerani pansi ndi achibale. Mukanawaona munthu amene uja, alamu! Akalowa m'holo, suti yabuluu yonyezimira, mabatani agolide, pamimba pali fulati ngati tebulo ili. Anatiuza kuti iwo sanasinthe saizi ya buluku chichokereni ku koleji. Zonse ndi mphamvu ya maganizo."

"Aja a dazi pamutu? Amalankhula akuloza kudenga?"

"Mukuwadziwa?"

"Buluku lawo ndi ilo lapachikidwa kuseri kwanuko. Anabweretsa Lachinayi."

A Makiyi anatembenuka. Pakati pa madiresi awiri ndi yunifolomu ya mlonda panalendewera buluku labuluu lonyezimira, lotambalala ngati katani. Pachiuno pake panabayidwa kapepala ndi pini.

"Miyeso ya makasitomala ena sindiulula," anatero telala. "Ndi lamulo langa. Koma kuwerenga mumatha nokha."

A Makiyi anayandikira. Kalembedwe kake anakadziwa nthawi yomweyo, poti kanali komwe kaja ka pa satifiketi yawo ya maphunziro, imene anali ataipachika kale pabalaza. Kapepalako kanati: *Fote-eyiti. Muike lastiki m'mbali, koma isaoneke. Jekete mulikulitse kuti libise pamimba.*

"Fote-eyiti," ananong'ona a Makiyi.

"Ine sindinanene."

"Lastiki!"

"Yabwino, yosatha msanga. Chaka chilichonse ndimawaikira yatsopano."

"Nanga... nanga munthu wawo wam'kati?"

"Sanabwere naye. Amabwera okha, amapuma bwinobwino, ndimawayeza, amapita."

A Makiyi analiza zala pakhutu, koma zala zinali zitanyowa ndi thukuta, sizinalire. Anatulutsanso kakhadi kaja. Anawerenga malamulo atatu aja, anakatembenuza. Kuseri kunali nambala ya foni ndi tsiku la maphunziro a gawo lachiwiri. Za nsalu ndi sizasi panalibe.

"Alamu," anatero ndi mawu otsika, "inuyo ngati telala, mukuona bwanji?"

"Ndikuona nsalu."

"Ndikutanthauza maganizo anu."

"Lamulo lachitatu."

"Lisiyeni lamulo lachitatu! Ndikukufunsani ngati m'bale wanga."

"Mwandiwerengera nokha, alamu. Musalole munthu wina kukuganizirani. Ine ndine munthu wina."

"Ndakulolani kwa mphindi imodzi."

"Mawa mudzati achibale anakukokerani pansi. Ndiwaimbire achemwali?"

"Ayi!"

"Mwakana ine kapena mwadzikana nokha?"

"Ndakana inu! Mkazi wanga asalowerere. Zaka twente-sikisi wakhala akundisankhira malaya, nsapato, ngakhale mankhwala otsukira mano. Ndikafuna kuyankha funso, ndimapeza wayankha kale. N'chifukwa chake ndinapita kumaphunziro kuja. Lero ndiganiza ndekha."

"Ganizani. Koma dzanja langa layamba kutopa, ndipo sizasi ikatopetsa dzanja imatsekeka yokha."

Apa a Makiyi anachita mantha enieni. Anakumbukira tsiku limene mwana wawo anabwera ndi nsaluyo itakulungidwa m'pepala labulauni. Sanalankhule zambiri, anangoti, "Adadi, pachithunzi chija mudzaime pafupi ndi ine." Ndipo iwo, bambo wamkulu wosunga makiyi a kampani yonse, anali pafupi kuisandutsa nsanza chifukwa cha munthu wovala lastiki. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawathandiza kuposa masiku atatu aja.

"Chotsani kaye sizasiyo."

"Mwasankha nokha?"

"Chotsani! Bweretsani tepi kuno."

Telala anawapatsa. A Makiyi anadzizunguliza okha, osakokera mimba, osatseka maso. Anawerama kuti aone nambala, koma mimba inawatchinga, mpaka anakaonera pagalasi.

"Fote-folo," anatero.

Telala anadikira kulira kwa zala. Sikunamveke.

"Ndilembe?"

"Dikirani. Ndikuganiza." A Makiyi anakoka kampando n'kukhala, tepi ikadali m'chiuno. Tepiyo inawaluma. "Mwaona? Munthu akakhala pansi amafufuma. Mwambo umene uja ndi wokhala pansi maola anayi, kumvera maina a ana a eni ake. Fote-faifi."

"Fote-faifi."

"Dikirani! Ukatha mwambo tikupita kokadya. Mwana wanga walandira digiri, ine n'kumatola chakudya ngati mbalame? Ndikadya. Komanso makiyiwa sindiwasiya kunyumba, amakoka lamba." Anaimirira, maso akuwala. "Fote-sikisi, alamu. Dulani fote-sikisi."

"Ganizo limeneli lili pa khadi?"

"Palibe!"

"Anakuuzani aphunzitsi?"

"Sanandiuze munthu! Ndayeza ndekha, ndakhala pansi ndekha, ndawerengera ndekha!" A Makiyi anaponya kakhadi kaja m'dengu la zidutswa za nsalu. Mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe chimene anali asanachimvepo chilowereni m'banja. "Mukudziwa, alamu, kulamulira maganizo si kuliza zala. Ndi kuyang'ana tepi m'maso. Lero ndi tsiku loyamba m'moyo wanga kuganiza chinthu kuyambira poyamba mpaka pamapeto popanda wondigwira dzanja. Fufutani mizere yowondayo, mujambule ya mwamuna weniweni."

Telala sanafufute kanthu. Anagwira nsaluyo m'makona awiri, anaikweza, n'kuitembenuza. Kuseri kwake kunali buluku lina lojambulidwa kale ndi choko, lotakasuka bwino, matumba ake ndi malo a zipi zili pomwepo. Pachiuno panalembedwa nambala yaikulu: 46.

A Makiyi anayang'ana nambalayo, anayang'ana mlamu wawo.

"Izi mwajambula liti?"

"Loweruka, achemwali ataimirira pamene mwaimapo."

"Ndiye nthawi yonseyi mumandiseweretsa? Ndikanati dulani sate-folo?"

"Ndikanadula. Achemwali anati ndidule chimene munganene inu, koma ndisadule mpaka muganize nokha." Telala analowetsa sizasi pamzere, khwe, nsalu n'kuyamba kugawanika. "Anati, 'Poyamba alimbalimba, kenaka atuluka thukuta, koma ikamakwana leveni koloko afika pa fote-sikisi.'"

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Mwafulumira ndi mphindi khumi, alamu. Maphunziro aja akuthandizani."